Mphamvu zili kumudzi, nanga zikho zikutilambalala bwanji?

Pamene masewero a Olympics ankachitika mumzinda wa Paris ku France mu 2024, dziko la Malawi, lomwe lili ndi anthu oposa 20 miliyoni, lidatumizako ochita masewero atatu okha: wothamanga Asimenye Simwaka ndi osambira awiri, Filipe Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno. Onse adabwerako chimanjamanja, monga zakhala zikuchitikira chiyambire 1972 pomwe dziko lino lidapita koyamba kumasewerowa ku Munich. Patha zaka zoposa 50 koma palibe Mmalawi amene adatsikapo ndege pa Chileka kapena pa Lumbadzi mendulo ya Olympics ili m'khosi.

Kumasewero a Commonwealth nako mbiri yake ndi yomweyo. Kufikira masewero a ku Birmingham mu 2022, mendulo zonse zimene dziko lino lidapatako zidali zitatu zamkuwa, zonse za nkhonya: ya Tatu Chionga mu 1970 ndi za Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986. Ana amene adabadwa chaka chomwe Mphande ndi Kondowe ankaponya zibakera ku Edinburgh lero ndi makolo a ana a kusekondale.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli ladzaza ndi anthu amphamvu zoopsa. Aliyense wodziwa msewu wa ku Mchinji akuudziwa mdipiti wa njinga umene umadutsa pa Msundwe ndi pa Mpingu kusanache, zitasenza makala, nkhuni, chimanga kapena mbatata kupita mumzinda wa Lilongwe. Ochokera cha ku Namitete amapalasa makilomita oposa 40 kupita kokha, kugulitsa katundu, n'kubwerera tsiku lomwelo. Pa Nsaru, pa Kabudula ndi pa Nambuma akabaza amakwera zitunda atanyamula munthu wamkulu pamodzi ndi thumba lake la feteleza. Amayi nawo amasenza ndowa ya malita 20, mwana ali kumbuyo, pambuyo pake n'kugwira musi.

Ngati mphamvu ndizo zimapambanitsa munthu pampikisano, n'chifukwa chiyani midzi ya kwa Chitukula, kwa Kabudula ndi kwa Kalolo siyikutulutsa akatswiri a njinga ndi a liwiro oti n'kugwedeza Africa? Funsoli si longochezera pabawo. M'mabanja ambiri muli mnyamata kapena mtsikana amene akutaya makope poyembekezera kuti mpira udzamudyetsa, ndipo makolo ayenera kudziwa chimene thupi lolimba lingam'chitire mwana wawo komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Mphamvu zili mitundumitundu

Akatswiri a zamasewero sayang'ana kulimba kwa thupi ngati chinthu chimodzi. Pali kupirira, komwe osewera mpira amakutcha mpweya. Uku ndi kuthekera kwa mtima ndi mapapo kutumiza mpweya wabwino kuminofu kwa nthawi yaitali munthu osafooka. Pali mphamvu zonyamulira kapena kukankha chinthu cholemera. Pali liwiro ndi mphamvu zadzidzidzi zimene zimafunika podumpha kapena ponyamuka ngati mphenzi. Palinso kufewa kwa thupi ndi kutha kukhazikika osagwa pamene munthu akutembenuka mofulumira.

Minofu ya munthu ili ndi timitsitsi ta mitundu iwiri ikuluikulu. Tina timakoka pang'onopang'ono koma sititopa msanga, ndipo ndi timene timagwira ntchito munthu akamalima tsiku lonse. Tina timakoka mwamphamvu komanso mwachangu koma timatopa m'kanthawi kochepa, ndipo ndi timene wothamanga mamita 100 amadalira. Munthu amabadwa ndi mitundu yonse iwiri mosiyanasiyana, koma thupi limakhwimitsa kwambiri mtundu umene mwini wake akuugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Thupi limazolowera ntchito yeniyeni imene lapatsidwa. Wonyamula makala amapalasa pang'onopang'ono njinga yolemera yopanda magiya, pachitunda n'kutsika kumaikankha. Wampikisano amakwera njinga yopepuka, yomwe malamulo a bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI amalola kuti itsike mpaka makilogalamu 6.8, ndipo amazungulitsa mapedulo maulendo 80 mpaka 100 pa mphindi imodzi kwa maola anayi kapena asanu. Pampikisano wa Tour de France, umene umatenga milungu itatu, wopambana amayenda liwiro loposa makilomita 40 pa ola mukaphatikiza ulendo wonse, mapiri omwe. Anthu awiriwa onse ndi amphamvu, koma matupi awo adaphunzira ntchito ziwiri zosiyana.

Phunziro lochokera kumaiko ozizira

Funso la ubale wa thupi lolimba ndi kupambana lidafufuzidwapo m'masewero amene kuno kulibe. Kumaiko komwe kumagwa chipale chofewa kuli masewero otchedwa snowboard, omwe munthu amaima pathabwa limodzi mapazi onse atamangiriridwa, n'kumatsetsereka m'phiri mokhotakhota. Masewerowa adalowa mu Olympics ya nyengo yozizira mu 1998 ku Nagano m'dziko la Japan. Woonera angaganize kuti phiri ndilo likugwira ntchito yonse, popeza munthuyo sathamanga kapena kupalasa chilichonse.

Mu 2009 akatswiri a kuyunivesite ya Innsbruck ku Austria adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pa akatswiri a masewerowa, amuna ndi akazi. Adawayeza mpweya, mphamvu za miyendo, za msana ndi za mikono, kudumpha, kukhazikika komanso liwiro limene amadzikankhira ponyamuka pachipata choyambira. Kenaka adafananitsa zotsatirazo ndi mapointi amene aliyense adapeza pamipikisano. Adapeza kuti kulimba kwa thupi kumagwirizanadi ndi kachitidwe ka munthu pampikisano, koma mgwirizanowo udaoneka kwambiri pakati pa akazi kusiyana ndi amuna. Ofufuzawo adaonanso kuti zinthu zina monga luso, zipangizo ndi kukhazikika kwa maganizo zili ndi gawo lake lalikulu.

Chimene munthu wa pa Nsaru angatolepo n'chosavuta. Pagulu pomwe ena ndi olimba kwambiri pamene ena sadakonzekere, thupi lokha limatha kulekanitsa wopambana ndi wogonja. Pagulu pomwe onse adakonzekera mofanana, mphamvu zimangom'patsa munthu malo pamzere woyambira, ndipo chikho chimapita kwa waluso ndi wamtima wodekha. Pamasewero a mu 2018 ku PyeongChang m'dziko la South Korea, mtsikana wa ku Czech Republic, Ester Ledecká, adapata golide pa snowboard komanso pampikisano wina wotsetsereka ndi matabwa awiri, komwe adaposa mnzake ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Kusiyana kochepa chomwechi sikungafotokozedwe ndi minofu yokha. Ledecká adayamba masewero onse awiri ali mwana wamng'ono.

Mabwalo a m'midzi ya Lilongwe ali m'gulu loyamba lija. Kumeneko kusiyana kwa makonzekeredwe n'kwakukulu, choncho timu imene ingalimbikire majowajowa kwa miyezi iwiri yokha ingathe kuposa anzake ambiri ngakhale luso lili lofanana. Koma woseweramo akakwera kufika m'ligi yaikulu kapena m'timu ya dziko, amakapeza aliyense ali ndi mpweya, ndipo chimene sadaphunzire ali mwana chimaonekera poyera.

Akabaza a ku Rwanda

Umboni wakuti mphamvu za kumudzi zingasanduke zikho ulipo kufupi konkuno. Dziko la Rwanda, lomwe n'laling'ono kuposa Malawi, lili ndi akabaza ambiri onyamula anthu ndi matumba a mbatata ya kachewere m'mapiri. Mu 2007 kumeneko kudakhazikitsidwa timu ya njinga ya dziko, ndipo aphunzitsi ake adayamba kuyeza anyamata a m'midzi, ena mwa iwo akabaza. Mmodzi mwa odziwika, Gasore Hategeka, adachoka pa kabaza n'kudzavala yunifolomu ya dziko lake. Mnzake Adrien Niyonshuti adakapikisana nawo ku Olympics ya ku London mu 2012.

Anyamatawa sadangopatsidwa njinga zatsopano n'kuuzidwa kuti thamangani. Adasonkhanitsidwa pamalo ophunzirira ku Musanze komwe ankadya mokwanira, kugona nthawi yake ndi kuphunzira zinthu zimene kabaza saphunzitsa: kusintha magiya, kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti mphepo isakudye mphamvu, kudya ndi kumwa uli panjinga, kutsika phiri mosaopa komanso kudziwa nthawi yosunga mphamvu ndi nthawi yozitulutsa. Padatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti Valens Ndayisenga apambane Tour du Rwanda mu 2014, kukhala mwana wa dzikolo woyamba kutero chiyambire pomwe mpikisanowo udalowa m'ndondomeko ya UCI mu 2009. Mu September 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa njinga wa dziko lonse, koyamba mu Africa.

Ku Eritrea nako, komwe mipikisano ya njinga imachitika kawirikawiri m'misewu ya Asmara, kudatuluka Biniam Girmay yemwe mu 2024 adapambana zigawo zitatu za Tour de France n'kutenga malaya obiriwira a katswiri wa mapointi. Malawi naye ankatumiza opalasa njinga ku Olympics m'zaka za m'ma 1980, koma mwambowo udazilala. Mnyamata wa pa Namitete lero angakhale ndi mtima ndi mapapo ofanana ndi a anzake a ku Musanze, chikhalirecho palibe amene adamuyezapo, ndipo iye mwini sadziwa.

Ena amati Malawi sangafanane ndi Kenya kapena Ethiopia kaamba ka mapiri. Zoona zake n'zakuti tauni ya Iten ku Kenya, komwe othamanga ambiri amakonzekerera, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene chigwa cha Lilongwe changopitirira pang'ono mamita 1,000. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho thupi limapanga magazi ochuluka onyamula mpweyawo. Koma dziko lino lili ndi Nyika, yomwe mbali yake yaikulu ili pamwamba pa mamita 2,000, lilinso ndi Dedza ndi Mulanje. Mpikisano wa onyamula katundu wa alendo paphiri la Mulanje, wa makilomita oposa 20 okwera ndi kutsika, wakhala ukuonetsa chaka ndi chaka kuti opirira alipo. Ndipo mu 2004 Catherine Chikwakwa adapata siliva pa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy, pakati pa atsikana a ku Ethiopia ndi Kenya omwewo.

Mpira wa bonanza

Masewero amene amakoka khamu pa Mpingu, pa Nsaru ndi pa Kabudula ndi mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye. Akangokolola, mabwalo a sukulu amadzaza Loweruka ndi Lamulungu, ndipo chaka cha chisankho, monga zidalili mu 2025, zikho za andale ndi mabonanza zimachuluka ngati bowa. Derali lili ndi matimu amene ayesera kukwera, monga Namitete Zitha yomwe yanyamula dzina la Namitete m'mipikisano ya pamwamba pa boma. Chikho cha Castel, chomwe chidayamba mu 2023, chidatsegulanso khomo kuti matimu a m'maboma azikumana ndi akuluakulu.

Wosewera mpira wapamwamba amayenda makilomita 10 mpaka 12 pamasewero amodzi a mphindi 90. Gawo lalikulu la mtundawu amayenda kapena kuthamanga pang'onopang'ono, koma zigoli zimabadwa pa timaliwiro tatifupitifupi ta mamita 10, 20 kapena 30, tomwe amayenera kubwereza kambirimbiri. Chimene mpira umafuna ndiye kuthamanga mwamphamvu, kupuma masekondi ochepa, n'kuthamanganso chimodzimodzi. N'chifukwa chake m'maligi ambiri zigoli zimachuluka m'mphindi 15 zomaliza, miyendo italema ndipo mutu wasiya kuganiza msanga.

Makonzekeredwe a matimu ambiri a m'midzi sagwirizana ndi zimenezi. Kochi amauza anyamata kuti azungulire bwalo maulendo khumi, kenaka amawagawa pawiri n'kuponya mpira pakati mpaka mdima. Timu ina imakumana mlungu umodzi bonanza isanayambe, n'kusewera masewero awiri kapena atatu pa masiku awiri dzuwa la October lili pamutu. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Thupi limafuna milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu yokonzekera mokwera pang'onopang'ono, ndipo mpweya umene munthu waupeza umayamba kuchepa akangokhala milungu yochepa osachita kanthu.

Timu ikagonja m'chigawo chachiwiri, pamsika pamamveka zakuti anzawo adapita kwa sing'anga, kapena adathira mankhwala pagolo, miyendo ya anyamata n'kulemera. Ndalama zimene timu ikadagulira mpira wachiwiri kapena nthochi ndi madzi a osewera zimathera kwa wokhwima. Komatu kulemera kwa miyendo pa mphindi ya 70 kuli ndi chifukwa chodziwika. Minofu imasunga chakudya chochokera ku nsima, mbatata kapena mpunga, ndipo nkhokwe imeneyi imatsika kwambiri munthu akathamanga kupitirira ola limodzi. Amene walowa m'bwalo atangomwa thobwa m'mawa, kapena amene wataya madzi ambiri m'thukuta osabwezera, miyendo yake imalemera ngakhale pasakhale womulodza.

Mbali ina ya nkhaniyi idaoneka pa 25 January 2022 ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, pamene Flames idakumana ndi Morocco m'ndime ya matimu 16 a chikho cha Africa. Gabadinho Mhango adagoletsa ali kutali pafupifupi mamita 40 masewero atangoyamba kumene. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri chigawo choyamba chili pafupi kutha, ndipo Achraf Hakimi adamaliza nkhani ndi mpira woikidwa pansi m'chigawo chachiwiri. Anyamata a Malawi adathamanga mpaka wenzulo yomaliza. Zigoli ziwiri zokumbukika za tsikulo, cha Mhango ndi cha Hakimi, zidachokera ku diso ndi phazi zimene zidaphunzitsidwa kwa zaka zambiri.

Adani obisika a thupi

Mmera mpoyamba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015-16 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osapitirira zaka zisanu m'dziko muno adali opinimbira. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba mpaka akwane zaka ziwiri, ndipo msinkhu ndi minofu zimene zatayika nthawi imeneyi n'zovuta kuzibweza. Ana amene adayezedwa pakafukufukuyo tsopano ali m'masitandade apamwamba kapena kusekondale, msinkhu weniweni womwe aphunzitsi a masewero amasankhira osewera a mawa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chakudya chomanga thupi chimalimidwa m'dera lomweli. Minda ya kwa Kabudula ndi kwa Kalolo imatulutsa mtedza, soya ndi nyemba, ndipo pa Chitedze pali malo a boma ofufuzira mbewu zimenezi. Koma mabanja ambiri amagulitsa zonse kwa mavenda akangokolola, pakhomo n'kutsala nsima ya ndiwo zamasamba. Wosewera amene akuchita majowajowa amafuna nsima yokwanira yopatsa mphamvu, ndi nyemba, soya, chiponde, usipa kapena dzira zokonzera minofu imene yagwira ntchito. Chilala cha mu 2024, chomwe chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, chidakumbutsa anthu kuti m'miyezi ya January ndi February osewera ambiri amakhala paganyu, kudya kamodzi patsiku.

Mdani wina ndi kuchepa kwa magazi. Magazi ndiwo amanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita kuminofu, choncho akachepa munthu amapuma wefuwefu pantchito yochepa. Malungo amaphwanya magazi, likodzo ndi njoka za m'mimba zimawatayitsa pang'onopang'ono, ndipo atsikana amataya enanso mwezi ndi mwezi. Mwana amene kochi akumunena kuti ndi waulesi mwina akungofunika kukayezetsa magazi pa St Gabriel's ku Namitete, pachipatala cha Kabudula kapena pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Kugona m'masikito ndi kumwa mankhwala a likodzo amene amagawidwa m'sukulu kungamuonjezere mpweya kuposa kuzungulira bwalo.

Kachasu, fodya ndi chamba zimamaliza zotsala. Mowa umachedwetsa kuchira kwa minofu komanso umasokoneza tulo, pamene thupi limadzikonza munthu ali m'tulo. Chizolowezi chakuti mphotho ya bonanza ithere kumalo omwera mowa usiku womwewo chafupikitsa mpira wa anyamata ambiri aluso amene mayina awo amangokumbukidwa m'midzi mwawo.

Atsikana aonetsa njira

Nkhani zokoma za masewero a Malawi m'zaka zaposachedwa zachokera kwa atsikana. Mu 2015 Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pachikho cha dziko lonse cha ntchemberembaye ku Sydney, ndipo mu 2018 ma Queens adagonjetsa New Zealand 57-53 kumasewero a Commonwealth ku Gold Coast. Mu October 2023 ma Scorchers adatenga chikho cha Cosafa atathibula Zambia 2-1, ndipo mu October 2025 adadzigulira malo koyamba kuchikho cha amayi cha Africa atachotsa Angola.

Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, adayamba mpira pabwalo lafumbi ngati la pa Nambuma. Liwiro ndi mphamvu adachoka nazo kumudzi, koma zidasanduka zigoli zochuluka atalowa m'manja mwa aphunzitsi, madokotala ndi odziwa zakudya ku Sweden, China ndi kwina. Tabitha adatsogola pa ogoletsa zigoli ku Italy ndi timu ya Inter mu 2022-23 komanso ku France ndi Paris Saint-Germain mu 2023-24. Temwa adagoletsa zigoli 20 m'ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Asimenye Simwaka naye adachokera ku mpira, n'kuyamba kuthamanga mwadongosolo, ndipo mu 2022 adafika m'ndime yomaliza ya mamita 400 ku Birmingham.

Thupi lokonzekera limatetezanso ku ngozi. Atsikana amavulala mtsempha wa m'kati mwa bondo kawirikawiri kuposa anyamata, makamaka potera akadumpha ndi potembenuka mwadzidzidzi. Mwawi Kumwenda adavulala chomwechi mu 2018, koma popeza adali ku Australia adachitidwa opaleshoni n'kubwereranso m'bwalo. Mtsikana wa kumudzi akavulala motero nthawi zambiri masewero ake amathera pomwepo, ngakhale tsopano pa Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa cha LION. Bungwe la Fifa lidakonza ndondomeko ya majowajowa a mphindi 20 otenthetsera thupi yotchedwa 11+, yomwe siyifuna zipangizo zodula. Kafukufuku wa ku Norway wa mu 2008, pa atsikana pafupifupi 1,900, adaonetsa kuti matimu amene ankaitsatira adachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ntchito yagona pati?

Bwalo la Bingu, lomwe lidatsegulidwa mu 2017, lili ndi njira yothamangiramo yamakono ndipo silili kutali ndi midzi ya kwa Chitukula. Mu December 2022 mzinda wa Lilongwe udachititsa masewero a achinyamata a maiko a kum'mwera kwa Africa a Region 5, ndipo adasiya nyumba zina zamasewero. Koma nyumba siziyeza mwana. Chimene chikusowa ndi munthu wa wotchi ndi kope wofika pasukulu ya pulayimale ya kumudzi.

Kuyeza sikufuna ndalama zambiri. Mu 1968 dokotala wa ku America, Kenneth Cooper, adakonza njira yoyezera mpweya imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: munthu amathamanga mphindi 12, n'kuona mtunda umene wayenda. Wosewera mpira wokonzekera bwino amafika pafupifupi makilomita atatu. Liwiro lingayezedwe pa mamita 30 ndi wotchi ya pafoni, mphamvu za miyendo poona kutalika kwa pomwe munthu wadumpha ataima malo amodzi. Ngakhale kugunda kwa mtima m'mawa kumanena zambiri, pakuti munthu wamba mtima wake umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi ali phee, pamene wa wothamanga wozolowera umatsika kufika pa 50 kapena kucheperapo. Mphunzitsi akamalemba manambalawa teremu iliyonse, pakatha chaka amadziwa mwana amene thupi lake likuyankha mwachangu.

Mabungwe monga Massa, yoyendetsa masewero m'sukulu, khonsolo ya zamasewero m'dziko muno, FAM ndi mabungwe a liwiro ndi njinga ndiwo ali ndi udindo wotolera manambala oterewa ndi kutsatira ana amene aonetsa mphatso. M'sukulu zambiri za pulayimale masewero olimbitsa thupi adalowa m'phunziro la Expressive Arts, ndipo kalasi ikakhala ya ana 100 mphunzitsi amangolemba pabolodi zimene zikadachitikira pabwalo. Zaka za pakati pa 8 ndi 13, pomwe mwana amagwira msanga luso la phazi, la dzanja ndi la diso, zimadutsa choncho. Mpweya munthu angaupeze ali ndi zaka 20, koma luso limavuta kuliyamba pamsinkhu umenewo.

Andale ndi amalonda amene amaponya mamiliyoni pa zikho za mlungu umodzi angathandize kwambiri atapatula gawo lina kulipirira maphunziro a makochi a m'midzi, kusalaza mabwalo ndi kuika mpikisano wa njinga ndi wa liwiro pambali pa mpira. Mpikisano wa akabaza wochitika mwezi ndi mwezi pamsewu umodzi womwewo, nthawi ya aliyense ikulembedwa, ungaulule m'chaka chimodzi anyamata asanu oyenera kuwakweza panjinga yampikisano. Mafumu ali ndi malo, mipingo ndi sukulu zili ndi mabwalo, ndipo apolisi a pamsewu alipo oti n'kuteteza opikisana.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Pa ana mazana amene amasewera mabonanza, ochepa kwambiri ndiwo adzalandire malipiro a mpira, ndipo ngakhale iwowo ntchitoyi imatha munthu asanafike zaka 40, mwinanso msanga bondo likakana. Mwana amene akulonjeza kuti mpira udzamulemeretsa afunsidwe kuti adayezedwapo ndi yani, akukonzekera masiku angati pamlungu, ndipo akudya chiyani. Sukulu ndi masewero si mapanga awiri ovumbwitsa, popeza matimu a asilikali ndi apolisi monga Kamuzu Barracks ndi Blue Eagles, omwe amapatsa osewera ntchito yokhalitsa, amafunanso satifiketi polemba anthu.

Masewero a Olympics otsatira adzachitika ku Los Angeles mu 2028, ndipo amene angadzapiteko ali kale m'manja mwa aphunzitsi. A ku Brisbane mu 2032 ndiwo akadali ndi mpata. Amene angadzaimire dziko lino chaka chimenecho pano ali m'sitandade 7 kapena fomu 1 kwinakwake, mwina pa Nsaru, mwina pa Mpingu, akuthamanga makilomita asanu kupita kusukulu m'mawa uliwonse. Kuti adzafike ku Brisbane pafunika wina amuone chaka chino, amuyeze, aonetsetse kuti akudya ndi kugona m'masikito, ndipo amuphunzitse kwa zaka zisanu ndi chimodzi mosadukiza.